Chikho cha pa Katope

Kho! Kho! Kho! Ndinadzidzimuka n'kukhala tsonga pamphasa, Angella ali pachifuwa. Poyamba ndinkayesa ndi akuba akuswa chitseko cha aneba. Nditatchera khutu bwino ndinazindikira kuti inali nkhwangwa, ndipo inkalira kumtunda, kumitengo ya pachitsime. Bambo ake a Angella anali ku ntchito yawo ya ulonda ku Area 3. M'nyumba tinalimo awiri, ine ndi mwana wa miyezi isanu ndi itatu. Unali usiku wa Loweruka, mu Febuluwale wa 2002, chaka chimene njala ndi kolera zinatipeza limodzi muno mu Chinsapo.

Kuti mumvetse chifukwa chimene nkhwangwa ija inandichititsira mantha, ndiyambe ndakuuzani za a Zebedee Mkanthama, pakuti nkhani ino ndi yawo.

A Zebedee ndi okonza njinga. Mukamapita ku Likuni mudzawaona pansi pa mtengo wa mango, atavala ovolosi yong'ambika m'mawondo, machubu akale atapachika panthambi. Amatsimphina mwendo wakumanzere. Unaphwanyika ku migodi ya ku Joni ali mnyamata, ndipo iwo amati ndiwo mphatso yokhayo imene anabwera nayo. Anabadwira pomwe pano mu 1948, nthawi imene kuno kunali minda, madambo ndi afisi. Ife ena tonse ndife obwera, tinatsata lendi yotsika.

Kuseri kwa nyumba zathu kuli kamtunda, ndipo m'munsi mwake muli kasupe wotumphuka pakati pa mitengo itatu ya katope ndi mkuyu umodzi. Timangoti pa Katope. Kuyambira kale chitsime chimenechi chinkasungidwa ndi amayi a mbumba ya a Zebedee. Anachisunga agogo awo, kenako amayi awo, a Nankhoma. Koma alongo awo a Zebedee anali awiri okha: wina anamwalira, wina anapita ku maesiteti a fodya ku Kasungu osabwereranso. A Nankhoma atatsala pang'ono kutsirizika anaitana mwana wawo wamwamuna n'kumupatsa chikho chotungira, cha mpini wautali. Kuyambira tsiku limenelo amuna anzawo pa bawo anawatcha a Nachikho, ngati mzimayi. Iwo amangovomera. "Eya, ndine a Nachikho. Nanga tiyi mwamwa m'mawa uja anaphika ndi mkodzo wa mbuzi?"

Mapoloti atayamba kudulidwa, kamtunda kaja anakakana. Anthu anabwera ambiri, ena pa galimoto, iwo ayi. Mpaka lero pamwamba pa chitsime pali tchire la nsenjere ndi tsekera, pakati pa nyumba zothithikana ngati mano. Palibe amakumbapo chimbudzi, palibe amadulapo ngakhale kamtengo kotsukira m'mano. Chaka chilichonse mu Okutobala, mvula isanagwe, a Zebedee amatseka ntchito ya njinga masiku atatu n'kumakumba ngalande yozungulira, kuti madzi othamanga ochokera m'makwalala azilambalala chitsime. Ochapa amachapira kumunsi, kupyola mwala waukulu. Ndipo lamulo lalikulu kuposa onse: ndowa, chidebe kapena mphika siziloledwa kulowa m'madzi. Umaika ndowa yako pamwala, n'kumatunga ndi chikho chija, ukatha n'kuchipachika panthambi, osachigoneka pansi. Akuluakulu ankati mphika wa mwaye ukangokhudza madzi, chitsime chimakwiya n'kuthawa.

Ine ndinafika kuno mu 2000, nditangokwatiwa, kuchokera ku Mitundu. Sukulu ndinalekeza fomu thuu, ndipo ndinkadziona ngati wodziwa zinthu. Zoti chitsime chimakwiya ndinkaziseka chamumtima. Tsiku lina masana, Angella ali wakhanda, ndinapeza pachitsime palibe munthu. Mwana ndinali nditamusiya akugona yekha, mtima uli m'mwamba. Kutunga ndi chikho kumatenga nthawi. Ndinayang'ana uku ndi uku, n'kumiza ndowa yonse, phuu!

"Amake Angella, mwaswera bwanji?"

Ndinatsala pang'ono kugweramo. Anali a Zebedee, atatulukira kuseri kwa mkuyu, sipanala ili m'manja.

"Ndaswera bwino, abambo. Ndimafulumira, mwana ali yekha."

"Katengeni mwanayo mumubereke. Mubwerenso, tili ndi ntchito."

Ntchito yake inali yokapa chitsime chonse. Anabweretsa chidebe chawo chimene chimagwira ntchito yokhayo, ndipo tinakapa awiri mpaka mchenga woyera wa pansi unaonekera. Amayi obwera kudzatunga anangokhala pamwala n'kumandiyang'ana. Manyazi anandigwira, kenako mkwiyo.

"Koma abambo," ndinatero, "ife kusukulu tinaphunzira kuti madzi amachokera pansi pa nthaka. Chitsime sichingathawe chifukwa cha ndowa."

Anaima, napukuta thukuta ndi mkono. "Amayi anga ankati chimathawa. Kunena zoona ine sindinachionepo chikuthawa. Koma ndiuzeni, aphunzitsi, ndowa yanuyi dzulo inagona kuti?"

Ndinayang'ana ndowa ija. Inagona kubafa, ndipo m'mawa womwewo ndinali nditanyikamo matewera.

"Basitu," anatero. "Ndowa za pano ndi makumi anayi, iliyonse ili ndi kumene imagona. Chikho n'chimodzi, chimagona m'mwamba."

Kuyambira pamenepo ndinasiya kuseka. Ndipo popeza ndine munthu wamantha chibadwire, ndinayamba kuyang'anitsitsa: ndani amatunga kuti, ndani amasamba m'manja, ana a ndani amatsegula m'mimba kawirikawiri. Bambo ake a Angella amati ndikanakhala wapolisi.

Kenako inafika mvula ya 2002. Chimanga chinasowa, tinkadya gaga, masiku ena osadya n'komwe. Mawere anga anayamba kuuma. Angella ankayamwa, n'kusiya, n'kulira. Ndinayamba kumupatsa kaphala kamadzimadzi ndi madzi akumwa pa sipuni, ndipo sipuni iliyonse ndinkaiyang'ana ngati muli njoka. Pakuti kumunsi, kumene nyumba zinalowa m'dambo, zimbudzi zinali zitasefukira ndi mvula. Anthu akumeneko anakumba tizitsime tawo kuseri kwa nyumba, ndipo kolera inayambira komweko. Mwana wa mayi wina wogulitsa makala, wamsinkhu wa Angella, anadwala m'mawa, pofika madzulo anali atapita. Pa maliro ake azaumoyo sanalole ngakhale kuphika. Ndinkadzuka kangapo usiku kugwira thewera la mwana wanga kuti ndione ngati lili bwino.

Lachisanu kunabwera mlangizi wa zaumoyo, mnyamata wamtali dzina lake Weston. Anaima pamsika n'kulengeza kuti Lolemba zitsime zonse zosatsekera pamwamba zikwiriridwa. Aliyense azikatunga ku mpopi wa pa kiyosiki. Koma kiyosiki ili kutali, mzere wake umayamba tambala asanalire, ndipo madzi ake ndi ogula, pamene m'nyumba zambiri munalibe ngakhale ya mchere. Tonse tinkadziwa kumene anthu akathere: kumtsinje ndi m'zithaphwi. Ndinabwerera kunyumba ndi funso limodzi. Akakwirira pa Katope, Angella adzamwa chiyani?

Ndiye mwamva chifukwa chake. Usiku wa Loweruka, nkhwangwa ija.

Ndinagogoda khoma. Mbali inayo kumakhala a Kulusumu, mayi wa ku Mangochi wogulitsa usipa, wamkulu thupi ndi mawu omwe.

"A Kulusumu, mwaimva?"

"Ndaimva, amake Angella."

"Kodi si zamizimu zimenezi?"

"Mizimu inagula liti nkhwangwa? Berekani mwana, tengani chivundikiro cha poto. Tiyeni."

Sindikudziwa kumene ndinatenga mphamvu. Tinatuluka tikumenya zivundikiro, a Kulusumu akukuwa, "Chitsime! Chitsime, amayi inu!" Zitseko zinayamba kutseguka. Pofika pa Katope tinali amayi oposa khumi, ena atangomanga chitenje m'khwapa. A Zebedee anatipeza komweko, akutsimphina, nyali ili m'manja. Anaikweza m'mwamba.

Munthu wa nkhwangwa sanathawe. Anali Flywell, mwana wa mlongo wawo womwalira uja, woumba njerwa. Nthawi ya mvula njerwa siziumbidwa, ndipo anali ataonda mpaka kolala ya shati kumulendewera. Katope wamkulu anali atamutema pafupifupi kufika pakati.

"Flywell," anatero a Zebedee motsitsa mawu. "Ndiwe?"

"Ndine, atsibweni. Lolemba akukwirira, mwamva nokha. Nanga mitengoyi izidikira ndani? Nkhuni zake ndikagulitsa. Ana anga agona ndi njala masiku awiri."

"Wakuba iwe!" anakuwa mayi wina kumbuyo.

"Wakuba ndani?" Flywell anatembenuka. "Inu a lendi mukhale chete. Malo ano ndi akuchikazi, a amayi anga. Mwini wake ndine. Atsibweniwa akungosunga."

Pa mwambo wa kuno ananena zoona. Ndinayang'ana a Zebedee ndikuyembekeza kuti akalipa. Iwo anaika nyali pansi, nagwira bala la mtengo ndi chikhatho, ngati mmene umagwirira mwana pamphumi.

"Wanena zoona, mphwanga. Ndi pako. Koma ndibwereke masiku awiri okha. Akakwirira Lolemba, nkhwangwa ndidzakunolera ndekha, n'kukuthandiza kunyamula. Mawa m'mawa ubwere utenge njinga yanga ya kaliyala, ukanyamulire anthu matumba kumsika. Ukagule gaga."

"Nanga inu muyendera chiyani ndi mwendowo?"

"Mwendowu unachoka ku Joni kufika kuno. Ungalephere Chinsapo?"

Ena anaseka. A Kulusumu anati, "Udutsirenso kwathu, iwe kambwiri, ndikupatse usipa wa anawo. Koma nkhwangwayo isiye pano, ndiigoneka pansi pa bedi langa." Flywell anaiponya pansi n'kuchoka osayang'ana munthu. A Zebedee anakanda dothi, namata pabala paja, namanga ndi chiguduli. Anagona pomwepo mpaka kucha.

Lolemba Weston anabwera ndi anyamata anayi a mafosholo. M'mawa wonse anakwirira tizitsime ta kumunsi. Dzuwa lili pamutu anafika pa Katope, n'kupeza amayi tadzaza pamwala, a Zebedee atavala jekete la kutchalitchi.

"Madala, pepani," anatero Weston. "Lamulo silisankha chitsime."

"Sindikukana, achimwene. Koma musanaike munthu m'manda mumayamba mwaona nkhope. Tiyeni ndikuonetseni."

Anamutenga n'kukwera naye kamtunda. Anamuonetsa ngalande, madzi ofiira a m'makwalala akudutsa kumbali. Anamuuza kuti awerenge mapazi kuchokera pachitsime kukafika pa chimbudzi choyandikira, ndipo Weston anawerenga mpaka anatopa, n'kupezanso kuti chimbudzicho chili kumunsi. Anamuonetsa tchire lija, mmene mvula imalowera pansi pang'onopang'ono m'malo mokokolola. Pomaliza anamuonetsa chikho panthambi. Weston ankangogwedeza mutu.

"Zonsezi n'zabwino, madala. Koma ine ndili ndi anthu m'tenti kuchipatala. Ndingadziwe bwanji kuti ena mwa iwo sanamwe pano?"

A Zebedee amadziwa mitengo ndi madzi, koma za m'nyumba za anthu sazitsata. Anyamata aja anayamba kusendera ndi mafosholo. Ndinamva Angella akutakataka kumsana, ndipo ndisanaganize n'komwe, pakamwa panga panatseguka.

"Achimwene, ine ndikudziwa."

Onse ananditembenukira. Ndinayamba kutchula. Nyumba ya ogulitsa makala, amatunga kuseri kwawo. Nyumba ya malata ofiira, odwala awiri, amatunga m'dambo. Kwa telala, amatunga kwa ogulitsa makala. Ndinatchula nyumba zisanu ndi zinayi zimene kunatuluka wodwala, ndi kumene iliyonse imatunga. Weston anatulutsa kabuku kake ka odwala n'kumatsata ndi chala.

"Nanga mwana wa kalipentala? Amakhala mzere wanu womwewu."

Ndinayankha msanga. "Amayi ake anasiya kutunga pano mwezi watha. Anakangana ndi abambowa pa nkhani ya ndowa, anati sangamalamulidwe ndi mwamuna wa chikho. Akumatunga kumunsi."

"N'zoona!" anatero a Kulusumu. "Anatukwana mpaka mbuzi zinathawa."

Weston anatseka kabuku. Kenako anauza anyamata aja kuti aike mafosholo pansi. Anatulutsa timabotolo tiwiri, natunga madzi. Anatunga ndi chikho, a Zebedee akumuyang'anitsitsa.

"Ndikukayezetsa. Ndibwera Lachinayi. Akapezeka oipa ndikwirira, ngakhale mulire bwanji. Ndipo kuyambira lero ndowa iliyonse yochoka pano ithiridwe mankhwala awa." Anapereka chigubu cha kolorini ndi kasipuni koyezera. "Kapena mwambo wanu ukukana, madala?"

"Mwambo umakana ndowa m'chitsime," anayankha a Zebedee. "Za mankhwala m'ndowa amayi anga sananenepo kanthu. Bweretsani kuno."

Masiku atatu amenewo njinga za anthu zinadikira. A Zebedee anakhala pamwala kuyambira m'bandakucha mpaka mdima, jekete lili pathupi, akuthira kolorini m'ndowa iliyonse. Wina akadandaula kuti madzi akununkha chipatala, ankati, "Bola kununkha chipatala muli kwanu." Anthu akumunsi, amene zitsime zawo zinakwiriridwa, anayamba kubwera nawonso. Mzere unatalika kufika kumsewu. Panalibe amene anabwezedwa, koma aliyense anaphunzitsidwa chikho, ndipo a Kulusumu ndi ine tinkasinthana kuyang'anira. Ine amene ndinamiza ndowa ya matewera ndinali wokalipa kuposa anzanga.

Lachinayi sindinadye. Weston anafika masana pa njinga yake, yekha, wopanda anyamata a mafosholo. Nditangoona zimenezo ndinakhala pansi.

"Madala," anatero, chipewa chili m'manja, "ndatenga madzi m'zitsime khumi ndi zinayi mbali ino. Khumi ndi zitatu muli tizilombo ta kuchimbudzi tochuluka zedi. Chanu chokhachi ndicho chatuluka bwino. Abwana anga sanakhulupirire, anati ndatunga pampopi."

Sanamalize. A Kulusumu anayamba nthungululu, amayi onse anapokerera, ena akumenya ndowa ngati ng'oma. Mayi wina anavula chitenje chapamwamba n'kuyala pansi kuti a Zebedee apondepo. Iwo anavina ndithu, ndi mwendo wawo womwewo, matope akuwadumphira pa jekete. Amuna a pa bawo anabwera kudzaona phokoso, ndipo mmodzi anakuwa, "A Nachikho awina!" Ine ndinamasula Angella kumsana, n'kumukumbatira, n'kulira ngati pamaliro.

Phokoso litachepa Weston anafotokoza. Anati mizu ndi udzu wa pakamtunda zimasefa madzi asanafike pakasupe, ngalande imaletsa zonyansa za m'makwalala, ndipo chikho chimodzi chopachika m'mwamba n'chimene iwo amaphunzitsa m'misonkhano anthu osamva. Anati kolorini tisasiye mpaka mvula itatha, komanso chitsime chimangiridwe khoma ndi chotsekera.

"Njerwa ndiumba ine mvula ikatha."

Tinatembenuka. Anali Flywell, ataima kumbuyo, atagwira njinga ija. Pa kaliyala panali kathumba ka gaga.

"Uwotcha ndi nkhuni ziti?" anafunsa a Kulusumu.

"Aaa, mayi, nkhwangwa si ili pansi pa bedi lanu?"

Kolera inatha mu Epulo. Mumzere wathu, mwa amene tinkamwa pa Katope, sitinaike munthu. Mwana wa kalipentala anachira, ndipo amayi ake anabweranso ndi ndowa yawo, ali chete ngati mkamwini watsopano. Katope wotemedwa uja anayoyola masamba mbali imodzi, koma sanafe. Angella tsopano akuthamanga, ndipo akaona munthu wagoneka chikho pansi amakuwa ndi kamawu kake, "Pachika!"

Sabata yatha a Zebedee anatiitana, a Kulusumu ndi ine, pansi pa mango paja. Flywell analiponso. Patebulo la masipanala panali zikho ziwiri zatsopano, mipini yake atasema okha, ndi timachubu todula tokhala ndi mbande za katope, zokwana makumi atatu.

"Mwendowu wayamba kundiuza zinthu," anatero. "Ndakhala ndikuganiza kuti chikho ndidzasiyira ndani. Mwambo umati mwana wamkazi wa mbumba. Mbumba yanga inatha, watsala Flywell, ndipo mwaona nokha mmene amakondera mitengo."

"Atsibweni, nkhani ija sidzatha?"

"Idzatha katope akadzapola." Anatenga zikho zija, chimodzi anapatsa a Kulusumu, china ine. Ndinabweza manja kumbuyo.

"Abambo, ife ndife a lendi. A Kulusumu ndi a ku Mangochi, ine wa ku Mitundu. Landilodi akatithamangitsa mawa?"

"Mudzasiyira amene adzalowe m'nyumbamo. Mbumba ya chitsime ndi amene amamwapo. Landirani, mkono ukuwawa."

Ndinalandira ndi manja awiri, nditagwada.

Anati agwirizana ndi Flywell kuti Loweruka likubwerali apita limodzi kwa amfumu, ife awiri tikhale mboni, akanene pamaso pa anthu kuti kamtunda ka pa Katope sikadzadulidwa poloti, kaya iwo alipo kaya kulibe. Akachoka kumeneko, mvula yoyamba ikangogwa, atenga mbande zija pa kaliyala n'kutsikira nazo kumunsi, kudambo kumene kolera inayambira. Akuti kuli kasupe wina kumeneko amene amayi awo ankamutchula, anakwiririka ndi zinyalala kalekale, ndipo akufuna akamufukule.